Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Choonadi ndi Chitonthozo pa Mphasa ya Maula

Nkhani yomwe inakambidwa pa Ludzi, m'boma la Mchinji

     

Ndiyambe ndi kudziulula. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, Mkhristu wobatizidwa, komanso mdzukulu wa munthu amene ankaombeza maula. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anali ndi kanyumba kawo kuseri kwa nkhokwe. Mmenemo munali nsupa yakuda yonyezimira ndi mafuta a nsatsi, mikanda yoyera itazungulira m'khosi mwake, litchowa, ndi kagalasi kong'aluka pakona. Ndili mwana, ntchito yanga inali yoyala mphasa alendo akafika. Choncho zimene ndikambe lero sindinazimve kwa Kandimverere. Ndinaziona nditakhala pakhomo pa kanyumbako, ndipo zina ndinadzazilipira ndi misozi nditakula.

Funso limene latisonkhanitsa ndi ili. Munthu akabwera kwa inu mtima uli m'mwamba, nakufunsani za mawa, mumuuze chiyani? Chimene chili choona, kapena chimene chimugonetse tulo usiku umenewo? Funso limeneli likukhudza woombeza, likukhudzanso mneneri, namwino, nkhoswe, mphunzitsi ndi kholo. Aliyense wa ife tsiku lina amakhala pamphasa, wina atamugwadira kuyembekezera mawu.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, chimene munthu amanyamula popita ku maula. Yachiwiri, bodza lotsekemera. Yachitatu, bodza lowawa. Yachinayi, kanenedwe ka choonadi kosathyola munthu msana. Yachisanu ndi yathu ife ofunsa.

Mfundo yoyamba: wopita ku maula amanyamula mantha

Abale anga, palibe munthu amene amalawira m'bandakucha, nkhuku ili m'khwapa, kupita kwa woombeza zinthu zikumuyendera bwino. Amapita mwana akadwala matenda osamva mankhwala, fodya akapsa m'shedi, mwamuna akasiya kutumiza ndalama kuchokera ku Joni, kapena maliro akagwa kawiri chaka chimodzi pakhomo limodzi. Munthu wotere makutu ake amakhala ngati nthaka ya mwezi wa Okutobala. Dontho lililonse logwapo limamwedwa, kaya ndi mvula kaya ndi poizoni.

Musaganize kuti zimenezi ndi zathu zokha. Azungu nawo ali ndi maula awo a makadi, otchedwa tarot, ndipo ana athu ayamba kuwaona pa foni, pa Facebook ndi pa TikTok. Makadi amenewa amakhala 78. Anayambira kumpoto kwa dziko la Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera chabe, ndipo anthu anadzayamba kuombezera nawo ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Amene afala kwambiri masiku ano anasindikizidwa ku London mu 1909, ndipo anawajambula ndi mayi wina dzina lake Pamela Colman Smith. Pakati pawo pali khadi la nambala 13, la Imfa, pomwe pali chigoba cha munthu chitakwera kavalo woyera. Khadi limeneli likatuluka, wofunsa uja amachita thukuta. Oombeza ambiri amafulumira kumuuza kuti lisamuopse, likungotanthauza kusintha kwa zinthu. Ndipo iwonso kumeneko amatsutsana nkhani yomwe tikukambirana ife pano: kodi munthu timuuze zimene taona, kapena timukhazike mtima pansi? Nsupa ndi khadi n'zosiyana, koma mtima wogwada kutsogolo kwake ndi umodzimodzi.

Mu 1948, mphunzitsi wina wa ku America, Bertram Forer, anayesa ophunzira ake 39. Anawauza kuti aliyense amulembera pepala lofotokoza khalidwe lake la iye yekha. Atawerenga, anawafunsa kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5, kusonyeza mmene pepalalo lawalondolera. Powerengetsa pamodzi, malikisi anafika pafupifupi 4.3. Kenaka anawaululira kuti onse anawapatsa pepala limodzimodzi, ndipo mawu ake anawatola m'kabuku koombeza ndi nyenyezi komwe anagula pamsika wa nyuzipepala. Ophunzira a sukulu yaukachenjede anadziona okha m'mawu amene akanakwana wina aliyense.

Ifenso timazidziwa. Woombeza akati, "Kwanuko kuli wina amene simumwerana naye madzi," ndani mwa ife pano amene alibe woteroyo? Akati, "Pali ndalama imene inakulowani m'manja n'kutuluka osaona chimene yachita," ndi mlimi uti wa fodya amene angakane? Wofunsa amawomba m'manja, nkhope n'kusintha, ndipo woombeza wochenjera amatsata kumene m'manja mwalira kwambiri, monga mlenje atsata mapazi a gwape pamame. Mapeto ake, munthu amabwerera kwawo atanyamula chomwe anabwera nacho, chitangovekedwa chovala cha mizimu.

Ndanena zimenezi kuti timvetse kukula kwa mphamvu imene ali nayo wokhala pamphasa. Munthu wamantha amakhulupirira msanga. Ndiye amene wapatsidwa khutu lotere ayenera kuopa mawu ake omwe kuposa mmene amaopera mpeni wakuthwa uli m'manja mwa mwana.

Mfundo yachiwiri: bodza lotsekemera ndi ngongole ya katapila

Nonse mukumudziwa katapila. Mu Januwale njala itavuta, umalandira ndalama ukumwetulira, ana n'kudya usiku umenewo. Pokolola ndiye umadziwa kuti unagulitsa munda wonse ndi thumba limodzi la ufa. Chitonthozo chabodza chimayenda momwemo. Lero chimagonetsa tulo, mawa chimabwera kudzatenga zake ndi chiwongoladzanja. Ndipo chowawitsa mtima n'chakuti wobweza ngongoleyo si amene ananama uja. Wobweza ndi wodwala.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira chaka cha 1995. Edzi inali itapezeka m'dziko muno kuyambira 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwa anthu wamba. Tinkaika maliro sabata ndi sabata. Pamenepo kunamveka mbiri ya bambo Billy Goodson Chisupe a m'mudzi wa Chikamana ku Machinga, kufupi ndi Liwonde, amene anati analota mtengo wochiza matendawa. Anthu anawatcha mankhwalawo kuti mchape. Malole, mabasi ndi njinga zinakhamukira kumeneko, ndipo owerengera amati anthu okwana ngati 300,000 anakamwa madzi ofiirirawo. Bamboyo sankalipiritsa, ndipo ine sindinaime pano kuti ndiweruze mtima wake. Koma kachilombo sikanachoke m'magazi mwa anthu. Anabwerako ndi chiyembekezo, manda n'kumapitirira kudzaza. Chimene chinadzachepetsa maliro m'midzi mwathu ndi chinthu chosakoma kumva: kukayezetsa magazi, kuuzidwa zoona m'kachipinda, ndi kumwa ma ARV tsiku ndi tsiku, amene boma linayamba kupereka ulere mu 2004. Lero pakati pathu pali agogo amene akulera zidzukulu chifukwa tsiku lina munthu wina analimba mtima n'kuwauza mawu amene iwo sankafuna kumva.

Tsopano ndikuuzeni yanga. Ndinali ndi mlongo wanga, wondipondera pamutu. Atapitirira zaka makumi anayi anayamba kutaya magazi nthawi yosayenera, msana n'kumamupweteka. Anapita kwa munthu wina wopempherera ndi kulosera, amene sindimutchula. Anauzidwa kuti m'thupi mwake mulibe nthenda, ndi nsanje chabe ya anthu chifukwa cha geni yake ya mtedza, ndipo wachira kale, angokhulupirira. Ndikukumbukira mmene anabwerera tsiku limenelo. Anafika akuimba, anapha nkhuku, tinadya tonse pakhonde. Panapita miyezi isanu ndi itatu. Pamene tinkamunyamula kupita naye kuchipatala, madokotala anapeza khansa ya khomo la chiberekero itafalikira kale. Namwino wina anandikokera pambali nandifunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, munali kuti nthawi yonseyi?"

Funso limenelo sindinaliyankhe mpaka lero. Ndinali pomwepo. Ndinali mphunzitsi, wodziwa kuwerenga zikwangwani za kuchipatala. Mumtima ndinkakayika, koma nkhope ya mlongo wanga inali itawala, ndipo sindinafune kukhala ine wozimitsa nyaliyo. Nanenso ndinadya nawo nkhuku ija. Makolo anati pakadafunda padajiwitsa galu. Tonse tinagona pofunda, fisi ali pakhomo.

Amayi muli pano, nthenda imeneyi ikupha amayi ambiri m'Malawi muno, koma ikapezeka msanga imachizika. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa, ndipo kuyambira 2019 atsikana athu akulandira katemera woiteteza. Miyezi isanu ndi itatu ija ndiyo inali chiwongoladzanja cha mawu okoma a tsiku limodzi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndibwereze kuti chikhazikike: chitonthozo chabodza ndi ngongole ya katapila, ndipo wobweza ndi wodwala.

Mfundo yachitatu: mawu owawa si onse ali oona

Apa ndikupempha makutu anu onse, chifukwa wina angatuluke muno akuganiza kuti ndanena kuti woombeza wabwino ndi woopseza. Ayi ndithu. Ife tinazolowera kuti mankhwala owawa ndiwo ochiza, monga nimu ndi kwinini. Choncho wina akalankhula zoopsa, maso ali psuu, timati, "Uyu ndiye sabisa, uyu ndiye weniweni." Koma ndulu nayo imawawa, ndipo sichiza munthu.

Pali bodza lotsekemera, palinso bodza lowawa. Lotsekemera limati, "Palibe vuto, pita ukagone." Lowawa limati, "Akukudya ndi amalume ako," kapena, "Mwana wako anamupha ndi agogo ake." Awiriwa ndi ana a mimba imodzi, chifukwa onse amanena chimene wonenayo sakuchidziwa. Ndipo ndikuuzeni chinsinsi: bodza lowawa nalonso limatonthoza. Munthu amene mwana wake wamwalira amavutika ndi funso lakuti, "Chifukwa chiyani ine?" Ukamupatsa dzina la munthu, mtima wake umapeza potera. Chisoni chimasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo ndi wopepuka kunyamula kuposa chisoni. Koma ngongole yake amabweza ndi nkhalamba yosalakwa.

Mbiri yathu ikuchitira umboni. Kale kunali mwavi, ndipo anthu ambiri osalakwa anafa nawo. Mu 1911 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo lokhudza ufiti, loletsa kumwetsa mwavi, kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndi ntchito yofufuza afiti. Cha m'ma 1933 ndi 1934 kunabuka gulu la Mchape woyamba, lochokera cha ku Mulanje, limene linayenda m'midzi mpaka kuwolokera ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi Zambia. Anyamata ake ankandandika mudzi wonse pamzere, n'kumayang'ana anthu m'kagalasi, n'kumapatula amene akuti ndi afiti. Analonjeza kuti ufiti utha ndipo imfa zichepa. Anadutsa, anthu anapitirira kudwala ndi kumwalira, koma mabala a mayina otchulidwa aja anatsala m'mabanja.

Ndipo si zakale zokha. Mu Januwale 2016, ku Neno, mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17. Anthu anagwira okalamba anayi a m'banja lomwelo n'kuwapha, ati ndiwo anatumiza mphenziyo. Maliro amodzi anasanduka asanu. M'zaka zomwezo abale athu achialubino ankasakidwa ngati nyama chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa, mpaka mu 2016 khoti lalikulu ku Mzuzu linapereka chiletso kwa asing'anga. Asing'anga a mitsitsi, amene simunapheko ngakhale nkhuku ya mnzanu, munanyozeka nawo chifukwa cha pakamwa pa anthu ochepa.

Mafumu athu, inu ndi amene milandu imeneyi imakupezani pabwalo. Mukudziwa kuti dzina likatuluka m'kamwa mwa woombeza silibwereranso. Madzi akatayika saoleka. Wina akatchula munthu kuti ndi mfiti n'kumati, "Ine ndimangonena chilungamo," mufunseni kuti chilungamocho wachiona ndi maso ati. Kulimba mtima ponena chinthu sikuchisandutsa choona.

Mfundo yachinayi: choonadi chili ndi kanenedwe kake

Tsono tichite chiyani? Kunama kokoma kwapha, kunama kowawa kwapha. Njira ilipo, ndipo ine ndinaiona koyamba m'kanyumba ka agogo anga.

Munali m'zaka za m'ma 1960, masiku amene amuna ambiri kuno ankapita ku Wenela ndi ku Halale. Tsiku lina, mitambo itayamba kusonkhana chakumapiri a Mchinji, kunabwera mayi wachitsikana, mwana kumbuyo, nkhuku yathadzi m'manja ya chipondamthengo. Mwamuna wake anali atatha zaka zinayi ku Halale. Chaka choyamba ankalemba makalata, chachiwiri anatumiza bulangete, kenaka zii. Mayiyo anagwada nafunsa funso limodzi: "Gogo, kodi abwera?"

Agogo anakhala chete nthawi yaitali. Nsupa inali pomwepo, koma sanaikhudze. Anamufunsa za m'nkhokwe, iye nati chimanga chatsala cha mwezi umodzi. Anamufunsa ngati wasosa kumunda, iye nati ayi, akudikira bambo abwere adzagwetse mitengo ya kumphanje. Pamenepo agogo anati: "Mwana wanga, ula wanga sufika ku Halale. Ndikakuuza kuti abwera, ndakunamiza. Ndikakuuza kuti sabwera, ndakunamizanso. Chimene ndikuona ndi ichi: mvula ili pafupi, nkhokwe yako yapepuka, ndipo mwanayu akadali wamng'ono. Kalime ngati sabwera. Akabwera, adzapeza nsima." Mayiyo analira kwambiri, ndipo agogo anamusiya alire osamudula. Atatonthola, anamubwezera nkhuku yake nati ikaikire mazira a mwanayo. Kenaka anandituma kuti ndikaitane amalume ake a mayiyo, ndipo madzulo omwewo anapangana za dima yokamulimira munda.

M'kankhani kameneka muli zinthu zinayi zimene ndikufuna mutenge.

Choyamba, nenani malire anu. Mawu akuti "ichi sindikuchidziwa" ndiwo choonadi choyamba cha aliyense wokhala pamphasa. Ine pandekha sindikhulupirira kuti nsupa, galasi kapena khadi zingaone za mawa, ndipo ndikunena zimenezi mwaulemu pamaso pa asing'anga muli pano. Koma ngakhale inu amene mumakhulupirira, mukudziwa mumtima mwanu kuti pali masiku amene simuona kanthu. Tsiku limenelo nenani kuti simunaone. Amene sanena konse kuti "sindikudziwa" ndi Ndadziwakale, uja adamanga nyumba yopanda khomo.

Chachiwiri, nenani chimene maso anu aona. Agogo sanaone Halale, koma anaona nkhokwe. Asing'anga, aneneri, abusa: munthu amafika kwa inu asanafike kwa dokotala. Mukaona chifuwa chopitirira masabata awiri, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, mutumizeni akayezetse makhololo. Mukaona mwana watentha thupi mpaka kukomoka, musayambe n'kufunsa mizimu, malungo sadikira. Mukaona mayi woyembekezera akutaya magazi kapena watupa nkhope ndi miyendo, pezani njinga nthawi yomweyo. Chipatala chili pompano pa mishoni, china chili pa boma. Kupemphera ndi kupita kuchipatala sizilimbana. Mutumizeni, ndipo ngati mukufuna kumupempherera, kamupemphererereni ali pabedi la kuchipatala.

Chachitatu, sankhani malo, nthawi ndi mawu. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Nkhani ya m'thupi mwa munthu kapena ya m'nyumba mwake si yolengeza pa chimkuzamawu anthu akuwomba m'manja. Chinenero chathu chili ndi luso lonyamula zolemera mofatsa. Munthu akamwalira, sitithamanga n'kukafuula kwa mwana wake ali kutali. Timati, "Matenda akula, nyamukani msanga." Wina angati limenelo ndi bodza. Ine ndimati ndi mlatho, chifukwa wonena ndi womva onse akudziwa kumene mawuwo akulowera, ndipo choonadi chikumudikira tsidya linalo tsiku lomwelo. Mlatho umakuwolotsa kupita kumene kuli choonadi. Bodza limakubweza kuti usakafikeko. Kumbukiraninso mneneri Natani m'buku lachiwiri la Samueli, mutu 12. Popita kukadzudzula mfumu Davide, anayamba ndi nthano ya munthu wosauka ndi kankhosa kake kamodzi, mpaka mfumuyo inadziweruza yokha. Sanachotseko kanthu pa choonadi. Anangochipezera khomo lolowera.

Chachinayi, musamusiye yekha. Apa ndi pamene pagona chitonthozo chenicheni. Choonadi chili ngati mtolo wa nkhuni: ukamusenzetsa munthu, umuikire nkhata, ndipo ngati n'kotheka umuperekeze. Agogo sanangonena mawu n'kutseka chitseko. Anabweza nkhuku, anaitana amalume, anakonza dima. Mutu umodzi susenza denga. Simungalonjeze munthu kuti achira, koma mungamulonjeze kuti mawa mum'perekeza kuchipatala. Simungalonjeze kuti mwamuna abwera, koma mungalonjeze kuti munda ulimidwa. Lonjezani chimene chili m'manja mwanu, ndipo chichiteni.

Mfundo yachisanu: kwa ife ofunsa

Tisamalize titaloza chala asing'anga ndi aneneri okha. Msika sukhala wa ogulitsa okhaokha. Bodza likugulitsidwa chifukwa ife tikuligula, ndipo timalipira bwino amene watikomera m'khutu kuposa amene watiuza zoona. Timachoka kwa sing'anga uyu kupita kwa uyo, kuchoka ku Mchinji mpaka ku Katete kapena ku Mozambique, kufunafuna amene anene chimene tinanyamuka nacho kunyumba. Wachitatu akachinena timati, "Uyu ndiye katswiri."

M'buku loyamba la Mafumu, mutu 22, muli mfumu Ahabu imene inkafuna kukamenya nkhondo ku Ramoti Giliyadi. Inasonkhanitsa aneneri ngati 400, ndipo onse anaiuza kuti ipite, ipambana. Panatsala mmodzi, Mikaya, amene mfumuyo inkadana naye chifukwa sankailosera zabwino. Ngakhale mthenga wokamuitana anamunyengerera kuti agwirizane ndi anzake. Mikaya ananena zoona, anaponyedwa m'ndende, mfumu inapita kunkhondo, ndipo muvi unaipeza. Anthu 400 aja sanagwe kumwamba. Anawaweta ndi Ahabu mwini, powadyetsa akanena zokoma ndi kumanga wonena zoona.

Ana anga asukulu, inu amene mukuona oombeza a makadi pa foni, ndi mapepala omatidwa pamitengo olonjeza kubweza wokondedwa wotayika kapena kukhozetsa mayeso, dzifunseni mafunso atatu. Kodi mawu awa sangakwanenso mnzanga amene ndakhala naye pa desiki? Kodi munthu uyu akupindula chiyani ndikakhulupirira? Kodi akundituma kukachita chinthu chondithandiza, kapena akungondiuza kuti ndibwerenso ndi ndalama zina? Mayeso a Fomu 4 alibe ula wina woposa buku ndi nyali.

Ndipo tonsefe tiphunzire kuthokoza wotiuza zoona. Walira mvula walira matope. Ngati wapita kukafunsa, konzeka kumva. Namwino akakuuza zotsatira zosakoma, si mdani wako. Nkhoswe ikakuuza kuti wolakwa ndiwe, si kuti yadyera kwina. Wakutsina khutu ndi mnansi. Kutsina kumawawa, koma amene akukutsina waima pafupi nawe, pamene wokuimbira nyimbo zokoma adzakhala atapita tsiku lobweza ngongole.

Mawu otsiriza

Ndibwereze mfundo zathu. Yoyamba, wobwera kudzafunsa wanyamula mantha, choncho opani mawu anu. Yachiwiri, chitonthozo chabodza ndi ngongole ya katapila, ndipo wobweza ndi wodwala. Yachitatu, mawu owawa si onse ali oona, ndipo dzina la munthu si mankhwala a chisoni. Yachinayi, nenani malire anu, nenani chimene mwaona, sankhani kanenedwe, ndipo musamusiye yekha. Yachisanu, ife ofunsa tileke kuweta aneneri a Ahabu.

Mwina mukufuna kudziwa za mayi uja. Mwamuna wake sanabwere. Anakhala mtchona, ndipo sitinamvenso za iye. Koma chaka chimenecho munda unalimidwa, nkhokwe inadzaza, ndipo mwana anali kumbuyo uja anakula n'kudzakhala ndi banja lake. Chaka chilichonse pokolola, mayiyo ankabwera ndi lichero la mtedza n'kulitula pakhomo pa agogo, mpaka chaka chimene agogo anatisiya. Akanauzidwa kuti "abwera mwezi wamawa," akanakhala pakhonde kuyang'ana kunjira, mvula n'kudutsa.

Amayi awiri amenewa ndimayenda nawo mumtima masiku onse. Mmodzi anachoka pamphasa akulira, nakhala ndi moyo. Wina anachoka akuimba, ndipo tinamuika m'manda. Wachiwiriyo anali mlongo wanga, ndipo pakati pa anthu amene anamubisira zoona panali ine.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, mafumu, atsogoleri a mipingo, asing'anga, azaumoyo, makolo ndi ana. Pakhomo panu pali wina amene mwakhala mukumuuza kuti "zikhala bwino" pamene mtima wanu ukukayika. Musadikire miyezi isanu ndi itatu. Pitani madzulo ano, khalani naye pansi pawiri, mumuuze mofatsa chimene mwaona, ndipo mawa m'mawa mum'perekeze.